Kodi chigwa cha Shire chili kutali ndi dziko?

Mnyamata wa ku Fatima: Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni. Pamsonkhano wina wa bungwe ku boma, mlendo wochokera ku Lilongwe amati Chikwawa ndi Nsanje n'zotsalira chifukwa tili kutali ndi misika ya dziko lapansi, ndiye iwo abwera kudzatilumikiza. Anthu anaomba m'manja. Ine sindinamvetse. Kodi chiyambire sitinalumikizidwepo?

Make Tadala: Anaombera m'manja alawansi amenewo, osati mawuwo 😂

Aphunzitsi opuma, Ngabu: Mwana wanga, mlendo wakoyo akanayamba wafunsa kuti azungu analowera kuti m'dziko muno. Analowera kuno. Mu 1859 David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire ndi sitima yake ya Ma Robert kuchokera ku Zambezi mpaka kwa Chibisa, pafupi ndi pomwe pali boma la Chikwawa lero, ndipo chinamuimitsa ndi mathithi a Kapichira. Nthawi imeneyo kunalibe Blantyre, kunalibe Limbe. Sanapeze anthu ongokhala. Amang'anja ankalima thonje, kupota ulusi ndi kuwomba nsalu, ankasula makasu, amayi ankaphika mchere wochokera m'dothi. Nsalu zowombedwa kuno zinkagulitsidwa m'misika ya ku Zambezi Livingstone asanabadwe n'komwe. Ndiye vuto lathu silinakhalepo kutalikira. Dziko linatifika msanga kuposa ena onse, ndipo nthawi zonse linkabwera litadziwa kale chomwe likufuna.

Mnyamata wa ku Fatima: Nanga zinasokonekera pati, aphunzitsi?

Aphunzitsi opuma, Ngabu: Msika womwewo unkagula nsalu unkagulanso minyanga ya njovu ndi anthu. Magulu a mfuti ochokera ku Zambezi, monga la Matekenya, ankagwira anthu m'chigwa muno n'kukawagulitsa kunyanja. Chilala chitagwa mu 1862 ndi 1863, anthu anali atathawa kale m'minda yawo, njala inapha anthu osawerengeka. Amishoni oyamba anaziona ndi maso zimenezi. Bishopu wawo, Mackenzie, anafera pomwe Ruo amathira mu Shire mu Januwale 1862. M'chipwirikiti chomwecho Amakololo omwe Livingstone anabwera nawo kuchokera kumtunda kwa Zambezi anatsala ndi mfuti, n'kukhala mafumu.

Mdzukulu wa kwa Kasisi: Aphunzitsi, pamenepo pondani bwino. Amenewo ndi makolo athu. Akanapanda iwo, ogwira akapolo akanamaliza anthu onse, ndipo Apwitikizi akanatenga chigwa chonsechi. Bwenzi lero tikuyankhula Chipwitikizi.

Aphunzitsi opuma, Ngabu: Sindikunyoza, achimwene. Kasisi, Katunga, Maseya, Mlilima ndi mafumu athu ndipo anatchinjiriza anthu, n'zoona. Koma n'zoonanso kuti mphamvu za Lundu, mfumu yaikulu ya Amang'anja, zinachepa nthawi imeneyo. Ndikungoonetsa kuti ngakhale ufumu wa m'chigwa muno unasinthidwa ndi ulendo womwe unakonzedwa ku London.

Mdzukulu wa kwa Kasisi: Chabwino, pitirizani.

Aphunzitsi opuma, Ngabu: Ndiye kunabwera sitima za African Lakes, kampani ya ku Glasgow yomwe inayamba mu 1878, ija timaitcha Mandala. Katundu yense wa Nyasaland ankalowera ku Chinde, kukwera Zambezi, kulowa Shire, kudzatsitsidwa ku Port Herald, yomwe ndi Nsanje, ku Chiromo kapena kwa Katunga. Nkhuni zoyendetsera sitimazo ankadula ndi agogo athu. Mitolo yochokera kwa Katunga kukwera phiri mpaka ku Blantyre inkayenda pamitu ya atengatenga, mzungu naye atagona m'machila. Inu amene mumadandaula kutentha kwa mabuleki pa Thabwa, taganizani kukwera pamenepo wapansi ndi bokosi pamutu. Madzi a Shire atayamba kuchepa sitima n'kumatitimira mumchenga, anamanga njanji: Port Herald mpaka Blantyre mu 1908, kutsikira ku Chindio mu 1915, kenako mlatho wa Dona Ana pa Zambezi mu 1935. Ngongole za njanji yopita ku Beira zinalemera pa boma la Nyasaland, kutanthauza pa anthu okhoma msonkho. Koma njanjiyo inamangidwira tiyi ndi fodya wa kumtunda. Masukulu akuluakulu, zipatala, maofesi, zonse zinakakhala ku Blantyre ndi ku Zomba kozizira. Kuno kunali kodutsa chabe, mzungu amati kukutentha, kuli malungo.

Wa golosale pa Nchalo: Ine nkhani zolira atsamundazi zimanditopetsa. Anachoka mu 1964. Zaka zonsezi tikulirabe? Pa Nchalo pano panali tchire. Fakitale ya shuga itayamba mu 1966 m'pamene panabwera tawuni, mabanki, magetsi. Lero alimi a Kasinthula ndi a Phata amalandira ndalama za nzimbe, ena amanga nyumba za malata, ana ali ku sekondale. Chitowe cholimidwa kuno chikudyedwa ku Japan. Ineyo katundu ndimaitanitsa pa foni, kulipira pa foni. Dziko kulumikizana kwatithandiza, osamangoona zoipa.

Make Tadala: Kwakuthandizani inu muli ndi golosale.

Wa golosale pa Nchalo: Golosale sindinabadwe nayo, achemwali. Ndinayamba ndi kugulitsa zitumbuwa kwa odula nzimbe pa malipiro.

Mlangizi wa zaulimi: Nonse mukunena zoona, kungoti funso ndi lakuti walowa m'kati ndani, watsala kunja ndani. Amene munda wake unagwera m'kati mwa sikimu amagawana phindu. Woyandikana naye, amene munda wake unatsala kunja kwa mpope, akudikirabe mvula yomwe kuno imabwera mochepa. Midzi ina inasamutsidwa pomwe minda ya nzimbe inkatsegulidwa, ndipo zidzukulu za anthu amenewo lero ndi zambiri kuposa malo omwe anapatsidwa. Onaninso komwe umwini wayenda: SUCOMA, kampani ya shuga ya pa Nchalo, inali ya Lonrho ya ku London, mu 1997 inagulidwa ndi Illovo ya ku South Africa, kenako Illovo inakhala m'manja mwa Associated British Foods, ku London komweko. Mu 2017 mayiko a ku Ulaya atachotsa malire a kuchuluka kwa shuga wa beet yemwe amapanga okha, mtengo unatsika kumeneko, ndipo mlimi wa nzimbe wa ku Chikwawa zinamukhudza ngakhale sanaitanidwe kumsonkhano uliwonse.

Wa golosale pa Nchalo: Nanga akanaitanidwa akanasintha chiyani?

Mlangizi wa zaulimi: Palibe. Mfundo yanga ndi yomweyo.

Agogo aakazi, kwa Tengani (akulemba ndi mdzukulu): Agogo akuti muwauze anawo za thonje, asamaone ngati zinayamba ndi shuga. Akuti amayi awo ankanena kuti thonje la mzungu linabwera limodzi ndi msonkho wa nyumba. Ulime thonje upeze ya msonkho, apo ayi ukagwire ntchito kwa mzungu. Pamsika wa thonje ndalama ankalandira ndi mwamuna, pomwe kupalira ndi kutola kunali kwa mkazi ndi ana. Kale mkazi anali ndi chake, ankaphika mchere n'kusinthanitsa ndi mapira kapena nsalu, koma mchere wa m'sitolo utabwera ntchito ija inafa. Akuti kenako madzi anadzaza m'madimba, amuna anapita ku Halale ndi ku Joni, akazi anatsala akukumba nyika, mizu ya maluwa a m'madzi, m'dambo ng'ona zili pomwepo.

Aphunzitsi opuma, Ngabu: Takhuta, mbuya. Zomwe akunenazo zili m'mbiri. Thonje limenelo linkagulidwa ndi British Cotton Growing Association, bungwe la eni mafakitale a nsalu lomwe linakhazikitsidwa ku Manchester mu 1902 chifukwa ankaopa kudalira thonje la ku America lokha. Anamanga majinale kuno, ndipo kwa zaka zambiri wogula anali yekhayo, mtengo n'kumachokera kwa iye. Chigwa chino ndicho chinkatulutsa thonje lambiri m'dziko muno. Chuma cha dziko lapansi chitagwa kuyambira 1929, mtengo unagwera pansi koma msonkho sunatsike. Za madzi akunenazo: kuyambira cha mu 1915 mpaka 1935 nyanja inali yotsika, Shire sankatuluka bwino, madambo a Dabanyi ndi Ndindi anali minda yachonde. Nyanja itadzaza n'kuphulitsa mchenga womwe unatseka mtsinje, madimba ambiri anamira. Anthu omwe anaphunzitsidwa kudalira ndalama ya thonje anangotsala ndi manja awo, n'kukawagulitsa ku migodi.

Mtchona, Johannesburg: Ndipo njira imeneyo sinatsekeke. Agogo anga anapita ndi Wenela. Ndege itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi ochokera ku migodi, Kamuzu anaimitsa ulendowo. Bambo anga anapita utatsegulidwanso ndi TEBA, bungwe lomwe linalowa m'malo mwa Wenela, n'kubwezedwa mu 1988 pa nkhani yoyeza magazi ngati ali ndi HIV ija. Ine ndili kuno opanda kontirakiti, opanda ndege, ndinabwera pa basi kudzera ku Mwanza ndi Beitbridge. Ndimatsuka magalimoto. Iwo ankabwera ndi njinga, wailesi ndi chifuwa, ife timatumiza ndalama pa foni. Mu 2008 ndi mu 2015 anzathu anakwezedwa mabasi kubwerera kumudzi atawotcheredwa katundu. Katundu wa ku South Africa amalowa m'masitolo a ku Blantyre popanda womuthamangitsa, koma munthu ndiye amafunsidwa pepala.

Wa golosale pa Nchalo: Koma nyumba mwamanga kwanu, achimwene, ndinaiona. Ndalama ya ku Joni yomweyo.

Mtchona, Johannesburg: Ndamanga, inde. Mwana wanga woyamba amanditcha "bambo a pa foni".

Mwana wa ku Marka: Pali mbali ina yomwe simunaikhudze. Ife Asena ambiri makolo athu anawoloka kuthawa chibalo. Apwitikizi anabwereketsa zigawo zathunthu kwa makampani, monga Companhia de Moçambique, omwe ndalama zake zambiri zinali za Angerezi ndi Afalansa, ndipo anthu ankagwidwa kukagwira ntchito m'minda ya nzimbe ya ku Zambezi ndi m'misewu. Makombe atagonjetsedwa pa nkhondo yake yolimbana ndi Apwitikizi ya mu 1917, khamu lina linathawiranso kuno. Tinafika n'kulima thonje lomwe linadyetsa Nyasaland. Koma mpaka lero ukatsegula pakamwa ku Limbe, wina amayamba kukuseka mayankhulidwe. Mu 1968 Chichewa chitakhala chiyankhulo cha dziko, mwana wa ku Ndamera ankalowa Sitandade 1 n'kuyamba kuphunzira m'chiyankhulo chomwe kwawo sayankhula. Kusalidwa kwina kumachokera kunja, kwina n'kwa abale athu a kumtunda.

Make Tadala: Apa mwalasa. Ndili ku koleji anzanga ankandifunsa ngati kwathu timagona m'madzi.

Mwana wa ku Marka: Kenako nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Inali nkhondo ya ku Mozambique, koma mfuti zinkachokera kwa akuluakulu a dziko, Renamo ikuthandizidwa ndi Rhodesia kenako boma la tsankho la South Africa. Njanji ya ku Beira inatsekeka, mlatho wa Dona Ana unaphulitsidwa. Kuyambira 1986 anthu anakhamukira kuno, Malawi inasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, ndipo ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni boma. Ndinali mwana pafupi ndi msasa wa Mankhokwe. Malole a mabungwe ankabwera ndi ufa, nyemba ndi mafuta ophikira. Wolandira anali wokhala ndi khadi la othawa kwawo, pomwe mwini mudzi amene anapereka malo ake ankagula mafutawo m'mabotolo ang'onoang'ono kwa mlendo wake. Sindikuwada, ambiri anali abale athu enieni. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 anabwerera, mabungwe anapakira, ife tinatsala ndi zitsa pomwe panali mitengo. Malonda a dziko anali atazolowera kale njira ya Mwanza ndi ya Nacala. Nsanje, yomwe inali khomo, inasanduka kumathero kwa msewu.

Nesi wa ku East Bank: Inu a tsidya ilo bola muli ndi tala. Madzi atakokolola njira ya pa Chiromo mu 1997, sitima yochokera ku Limbe inayamba kuthera pa Makhanga, kenako nayonso inasiya. Kuchoka ku Makhanga kupita ku Bangula, malo oonekera ndi maso, ndi pa bwato. Mumakwera anthu, njinga, matumba a chimanga, mbuzi yomangidwa miyendo, wopalasa akuuzani kuti musagwedezeke chifukwa madzi atsala zala zitatu kuti alowe. Njanji yakale mumaiona ikulendewera m'malere, pansi pake dothi linapita. Mayi woyembekezera zikavuta usiku, timayamba kuwerenga kuti tidzera kuti. Tinakhala ngati ndodo yowolokera mtsinje, munthu akafika tsidya amangoiponya. Njanji ikanakhala kuti ikunyamulabe tiyi, mukuganiza kuti ikanakhala zaka zonsezi osakonzedwa?

Wa golosale pa Nchalo: Pamenepo ndiye ndi boma lathu, osati azungu.

Nesi wa ku East Bank: Boma lathu limakonza komwe kuli ndalama za kunja. Njanji ya malasha a ku Moatize yodutsa ku Chikwawa komweko kupita ku Nacala inamangidwa zaka zochepa chabe.

Mdzukulu wa kwa Kasisi: Koma Bingu anayesetsa ndi doko la Nsanje.

Make Tadala: Doko lija mwasodzapo kale? 😂 Mu Okutobala 2010 tinavala zitenje, Mugabe anabwera, Rupiah Banda anabwera, sitima yokhayo ndi yomwe sinabwere, anaigwira ku Mozambique. Anthu anagula mapuloti pa boma poganiza kuti kukhala mzinda.

Mdzukulu wa kwa Kasisi: Maganizo anali abwino, anangosokoneza ndi anansi komanso omwe anabwera pambuyo pake.

Mtchona, Johannesburg: Munthu umamanga doko usanagwirizane ndi mwini mtsinje wa kumunsi?

Adimini: Abale, za zipani ayi. Lamulo la gulu mukulidziwa. Tibwerere ku funso la mnyamatayu.

Mlimi wa kwa Chapananga: Ine sukulu sindinapite patali koma ndiyankhe zomwe ndinaona. Alangizi anatiuza kuti limani nandolo, ku India akumufuna. Tinalima, chaka choyamba tinapeza ndalama, ndinagula ng'ombe yaikazi. Aliyense anakuza munda. Mu 2017 India inakolola wambiri kwawo n'kutseka chipata. Venda anabwera ndi sikelo yake yopachika pamtengo, mtengo anatchula sunkakwana ngakhale kulipira aganyu omwe anandithandiza kumenya. Ndinamufunsa kuti bwanji, anati funsani ku India. Ndikafunse bwanji ku India ine? Matumba anakhala m'nyumba mpaka anankafumbwe anamaliza. Ng'ombe ija ndinagulitsa.

Mlangizi wa zaulimi: Pepani bambo, ambiri aife tinalalikira nandolo ndi mtima wonse. Kale ADMARC, yomwe inayamba mu 1971, inkagula pamtengo wotsika, ndipo phindu la alimi ang'onoang'ono linkathandiza kutukula maesiteti a akuluakulu, zimenezo tisabise. Koma msika unalipo mpaka kumidzi. Ngongole za World Bank ndi IMF za m'ma 1980 zinabwera ndi lamulo lakuti boma lichoke pamsika, mu 1987 amalonda analoledwa kugula mbewu, misika yambiri ya kumidzi inatsekedwa. Amalonda akuluakulu safika komwe msewu ndi woipa, amatumako venda. Thonje nalo chimodzimodzi: kaunjika atadzaza m'misika, mafakitale a nsalu a m'dziko muno anafooka, thonje lathu limatuluka lili lopanda kuwomba n'kubwerera ngati malaya omwe wina anavala kale.

Make Tadala: Kaunjika musamunene, ndi amene akutiveka 🙈

Mlangizi wa zaulimi: Nanenso ndavala yemweyo, mayi.

Mnyamata wa ku Fatima: Ndiye mlendo uja tikanamuyankha kuti chiyani? Kuti asatilumikize?

Aphunzitsi opuma, Ngabu: Ayi. Mukanamufunsa kuti mtengo adzatchula ndani, nanga wogula akadzasintha maganizo, ngongole idzatsala ndi yani. Ndi mafunso omwe agogo athu sanapatsidwe mpata wofunsa pa thonje.

Nesi wa ku East Bank: Ndipo muwonjezere la madzi. 2015, Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023. Utsi wotenthetsa dziko suchokera ku Muona. Mitengo yomwe inatha m'mapiri a kumtunda inapita ku makala a m'tawuni, mchenga wake ndi womwe wadzaza mu Ruo ndi mu Shire. Koma pa wailesi mumva kuti anthu a kuchigwa ndi okanika, amakonda zolandira, bwanji osasamukira kumtunda. Kumtunda kwake kuti? Uku nzimbe, uku Lengwe, uku Majete, uku Mwabvi, uku makola a ng'ombe a anthu olemera. Kotsalako ndi miyala. Munthu amabwerera kudimba chifukwa madzi akaphwa m'pamene pamamera chimanga, mbatata ndi nyemba popanda feteleza.

Wa golosale pa Nchalo: Apa sinditsutsa. Komabe ngalande yaikulu ikubwerayi, yochokera ku Kapichira, ndi ndalama za World Bank ndi African Development Bank zomwezo. Mahekitala oposa 40,000. Imeneyonso muikana?

Mlangizi wa zaulimi: Palibe akuikana, madzi tikuwafuna. Koma kuti ulowe uyenera kuphatikiza munda wako ndi ya anzako mu kopaletivi, malo alembedwe, iwe ukhale ndi gawo molingana ndi kukula kwa munda. Amene ali ndi munda waukulu gawo lake ndi lalikulu. Wobwereka munda, wobwera, mnyamata amene akulima pa malo a bambo ake, amenewo dzina lawo sililowa m'kaundula. Amene muli m'midzi yomwe kalembera akuchitika, pitani nokha, musatume munthu.

Agogo aakazi, kwa Tengani (akulemba ndi mdzukulu): Agogo akufunsa kuti munda womwe akulima chimwalirireni amuna awo udzalembedwa dzina la yani, lawo kapena la alamu awo.

Mlangizi wa zaulimi: Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola mkazi kulembetsa m'dzina lake, ndipo m'komiti ya malo ya m'mudzi muyenera kukhala amayi. Koma zimatengera amene wafika tsiku loyeza malire ndi amene wayankhula. Apite ndi mboni ziwiri zoyandikana nawo munda, ndipo a mfumu adziwe nkhaniyi tsikulo lisanafike.

Mwana wa ku Marka: Kwathu kuno kolowola, alamu amati munda ndi wa mtundu wawo chifukwa ng'ombe zinaperekedwa. Komiti imene mukunenayo wapampando wake nthawi zambiri ndi a mfumu, omwenso ndi m'bale wa alamuwo.

Mlangizi wa zaulimi: Zikatero nkhani imapita ku bwalo la malo la kwa T/A. Mdzukulu, ndilembere kumbali undiuze mudzi wake ndi gulupu wake, ndifunse anzanga a ku Nsanje ngati kalembera wafika kale kumeneko.